Ndinagulitsa phunziro ndisanalikonze



Ine ndinabadwira ku Rimuka. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pamgodi wa golide wa Cam and Motor, Kadoma akadali Gatooma. Choncho Chichewa changa chikamapendekera ku Chishona, mundikhululukire. Ndimapanga sopo wamadzi wotsukira mbale. Mkati mwa sabata ndimagulitsa pamsika kwathu, Loweruka ndimakwera kombi kupita ku Pfupajena, ku Chegutu.

Andipempha kuti ndikambe za ngongole imene inatsala pang'ono kundichotsa m'gulu lino.

Pa 30 March 2020 boma linalamula kuti tonse tikhale pakhomo chifukwa cha Covid-19, misika n'kutsekedwa. Mwana wanga wamkazi anati, "Amayi, anthu amakufunsani kapangidwe ka sopo tsiku ndi tsiku. Bwanji osawaphunzitsa pafoni, azikulipirani?" Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinakongola madola 150 a ku America kugulu lathu, limene kuno timati mukando, a ku Malawi mumati banki m'khonde. Ndinagula foni ya kamera yabwino, ndinalipira mnyamata wojambula, tinajambula mavidiyo 8. Anali okongola, ine nditavala chitenje chatsopano.

Anagula anthu atatu. Mmodzi anali mlamu wanga, ndipo ndikudziwa kuti anangondimvera chisoni.

Ngongole ija ndinaibweza miyezi 7, ndi chiwongoladzanja chake, ndikubisa nkhope pamsonkhano uliwonse. Nditafunsa amayi chifukwa chake sanagule, mayankho anali apafupi. Vidiyo imadya bandulo, mafoni ambiri ndi odzaza kale, ndipo kasakanizidwe ka sopo ena anali atakapeza kwaulere. Zonsezi akanandiuza tsiku loyamba. Sindinafunse.

Mu 2022 ndinayambira kumapeto. Ndinalemba uthenga m'magulu athu a WhatsApp: phunziro la milungu 4, mtengo madola 5. Akalipira anthu 15 pofika kumapeto kwa June, tiyamba. Akapanda kukwana, aliyense alandira ndalama yake yonse. Nthawi imeneyo ndinalibe phunziro ayi, ndinali ndi kapepala kamodzi ka mitu, ndipo ndinawauza zoona kuti zinthu zili choncho.

Amene anayankha kuti "ndilembeni" anapitirira 60. Amene analipira anali 22. Amayi, "ndilembeni" ndi ulemu chabe. Munthu safuna kukukhumudwitsa. Ofuna chinthu umawawerenga ndi ndalama imene yatuluka pamfundo ya chitenje.

Tsono apa mundimvetsetse, chifukwa ena amasokoneza. Ndalamazo sindinazigwire ine. Akuno anapereka kwa msungichuma wathu, ena pamanja, ena pa EcoCash. A ku Malawi anatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba kwa msungichuma wa gulu lawo, chifukwa kuwolotsa malire madola 5 okha ndi kudyetsa ndalama kwa otumiza. Iye anasonkhanitsa n'kutumiza kamodzi. Tinagwirizana kuti zathu zisungidwe m'madola a ku America, popeza ndalama ya kuno inkagwa mphamvu, ndipo amene tinaona 2008 sitifuna kuuzidwa kawiri. Ine ndinkalandira gawo limodzi la magawo anayi ndikamaliza sabata iliyonse. Ndikanadwala pakati, zotsalazo zikanabwerera kwa eni ake. Ndalama ya chinthu chimene sunapereke ndi ngongole, ngakhale ikhale m'thumba mwako.

Aliyense wolipira ndinamufunsa funso limodzi: chikukusowetsani tulo n'chiyani? Ndinadabwa. Ofuna kasakanizidwe anali ochepa. Ambiri ankafuna kudziwa kaikidwe ka mtengo, kogula mankhwala ku Harare osaberedwa, ndi kagwiridwe ka caustic soda osapsa manja. Motero theka la phunziro linasanduka masamu: botolo, chizindikiro chomata, thiransipoti, msonkho wa pamsika, ndi sopo amene amatayika pothira. Mayi wina wa ku Mchinji anapeza kuti chaka chonse ankagulitsa motsika kuposa mmene ankawonongera. Za soda ndinabwereza sabata iliyonse mpaka anatopa nane: valani magolovesi, ndipo soda ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu soda. Vidiyo sindinajambule ngakhale imodzi. Ndinkatumiza mawu ojambula a mphindi zitatu ndi zithunzi, usiku ndikaweruka kumsika.

Musaganize kuti zimayenda nthawi zonse. Mu 2023 ndinalengeza phunziro la polishi wa pansi. Ndinali wotsimikiza kuti alilanda ngati zitumbuwa zamoto. Analipira anthu 6 okha. Tsiku litakwana ndinapempha msungichuma kuti awabwezere. Mmodzi anandiimbira atakwiya, akuti anali atagula kale makandulo ndi palafini. Anali ndi chifukwa chokwiyira, pakuti sindinawachenjeze kuti asagule kanthu tsiku lisanafike. Loweruka lotsatira ndinapita kunyumba kwake ku Pfupajena, tinaphika polishi uja tonse awiri kuseri kwa nyumba. Tsopano mu uthenga uliwonse ndimalembamo chenjezo limenelo.

Kope limene tinalembamo malamulo athu lili ndi msungichuma wa ku Kadoma. Amene akufuna kukopera amupeze tikamadya nkhomaliro.