Kuphunzitsa Makina Kupeta Makalata

Mai akasinja cimanga, amatenga licelo napeta, kuti gaga apite kwace ndi mphale itsale. Nkhani ya madzulo ano inena za licelo lina, lopeta makalata a pa kompyuta ochedwa imelo.

Aliyense wolandira makalata otere adziwa cisautso cace. Pakati pa makalata a abale ndi a ku nchito pamalowa ena osawaitana: ogulitsa mankhwala onyenga, olonjeza cuma, opempha nambala ya ku banki. Pa Cingelezi amawacha spam. Nthendayi si ya lero, pakuti m'caka ca 1978 Gary Thuerk, wa ku America, anatumiza kalata imodzi ya malonda kwa anthu ngati 400 osaipempha.

Makina opeta amayamba osadziwa kanthu. Amaphunzira pa makalata akale amene mwini anasunga. Mwiniyo awapatsa miyulu iwiri, wa makalata oipa ndi wa makalata abwino. Pamenepo makina awerenga liu lililonse, nalemba kuti laoneka kangati uku, ndi kangati uko. Liu lopezeka kawirikawiri pa mulu woipa, koma mwa kamodzikamodzi pa wabwino, likhala mboni yoneneza. Ikafika kalata yatsopano, makina asonkhanitsa umboni wa mau ace, naweruza.

Masamu a ciweruzoci anacokera kwa Thomas Bayes, mbusa wa ku England amene anamwalira mu 1761. Mu 2002 Paul Graham analemba nkhani yochedwa A Plan for Spam, imene inachukitsa njirayi. Pulogalamu ya SpamAssassin imaphunzitsidwa ndi lamulo lochedwa sa-learn, ndipo mwini akapanda kusintha, siyamba kukhulupirira masamuwo isanaone makalata oipa 200 ndi abwino 200.

Apa ndipo pagona ngozi. Pakhale munthu wa ku mgodi ku Kitwe, amene makalata ace oipa onse ali m'Cingelezi, ndipo pa mulu wabwino waikapo a kumudzi okha, olembedwa m'Cinyanja. Kodi makina aphunzira ciani? Aphunzira kuti mau a Cingelezi ndiwo cizindikiro ca kuipa. Tsiku lina ifika kalata yomuitana kukayesedwa pa nchito yapamwamba. Makina aiponya ku gaga, ndipo mwini adzaiona tsikulo litapita kale. Makinawo sanalakwe, anacita monga anaphunzitsidwa.

Cifukwa cace wophunzitsa ayenera kusamala zinthu zitatu. Coyamba, apende mulu woipa asanaupereke, kuti musabisale kalata yabwino imene inagweramo mwangozi. Caciwiri, mulu wabwino ukhale wace wa iye mwini, wa mitundu yonse: a ku nchito, a ku banki, a ku sukulu, a kumudzi. Cacitatu, aziyang'ana m'bokosi la zotayidwa sabata ndi sabata, ndipo akapezamo kalata yosalakwa aibweze, nauze makina kuti anaphonya. Onyenga nawo amasintha mau ao, cotero sukuluyi ilibe tsiku lotsekera.

Kalata yoipa ikapulumuka, mwini angotaya kamphindi poifafaniza. Koma yabwino ikatayika, mwina wataya nchito, kapena uthenga wa maliro. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mauwo akhudza makina omwe.