Ndalama imene ikudikira kuchuluka imathera m'njira

Ndinapemphedwa kuti ndiyankhe funso limene ambiri mwakhala mukufunsa: munthu akafuna kuika ndalama mu unit trust, aziponya pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kapena asonkhanitse kaye n'kuika kamodzi?

Unit trust ndi thumba limene anthu ambirimbiri amasonkhamo ndalama, ndipo oliyendetsa amagula nazo masheya a makampani ochuluka. Inuyo mumakhala ndi magawo anu m'thumbamo. Mtengo wa gawo umakwera, umatsikanso, ndipo aliyense wokulonjezani phindu lotsimikizika akukunamizani. Mu 2008 masheya a makampani akuluakulu 100 pa msika wa ku London anagwa ndi pafupifupi 30 peresenti. Mu February ndi March 2020, Covid itabuka, anagwanso chimodzimodzi m'milungu yowerengeka. Choncho ndalama ya lendi, ya viza, ya tikiti yopitira kumaliro kumudzi isalowe kumeneko. Kulowe yokhayo imene simuifuna kwa zaka zisanu kapena kuposa.

Ngati ndalama yochuluka ili kale m'manja, mwina mwalandira chipereganyu kapena mwagulitsa galimoto, kawirikawiri kuika yonse kamodzi ndiko kumapindulitsa. Kampani ya Vanguard inafufuza zimenezi mu 2012 poona mbiri ya misika ya ku America, Britain ndi Australia. Inapeza kuti pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, woika kamodzi anapeza zambiri kuposa woika pang'onopang'ono. Chifukwa chake n'chakuti zaka zimene msika umakwera zimachuluka kuposa zimene umagwa, ndiye ndalama yolowa msanga imayamba kubereka msanga. Ngati mtima sukulolani, igaweni pa miyezi isanu ndi umodzi. Kutaya kaphindu pang'ono kuli bwino kusiyana n'kuchita mantha msika ukagwa n'kugulitsa zonse motchipa.

Koma tiuzane zoona, abale anga. Ndi angati muno amene ali ndi mulu wa ndalama? Ambirife kuno ku Britain timagwira mashifiti m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala, m'nyumba zosungira katundu, ndipo chathu ndi malipiro a pamwezi. Kwa ife mawu oopsa ndi akuti "ndisonkhanitse kaye". Ndalama ikakhala mu akaunti, foni imalira: fizi ya mphwanu, feteleza, wodwala ali kuchipatala. Sindikunyoza abale athu ayi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zinthu inawathawa. Kuthandiza tizithandiza ndithu. Chimene chimandipweteka n'kuona munthu amene wanyamula mudzi wonse kwa zaka 20, msana watha, iye mwini alibe pogwira.

N'chifukwa chake ndikuti ikani direct debit, ndalama izichoka tsiku lotsatira malipiro, musanaione. Pali ubwino wina umene umabwera wokha. Gawo likakhala pa £2, ndalama yanu ya £100 igula magawo 50. Msika ukagwa, gawo n'kufika pa £1, £100 yomweyo igula magawo 100. Mwezi umene ena akulira, inu mukukolola zambiri, bola musaimitse. Tiyerekeze kuti mukuika £100 pamwezi kwa zaka 20, thumba n'kumakula ndi 5 peresenti pachaka. Za m'thumba mwanu zikhala £24,000, koma mudzapeza pafupifupi £41,000. Ichi n'chiyerekezo chabe, zitha kuposa kapena kuperewera.

Musanayambe, onani penshoni ya kuntchito. Lamulo la kuno limati bwana aziwonjezera osachepera 3 peresenti, ndiye amene munatulukamo kuti malipiro aoneke ochuluka, bwererani. Ngongole ya kirediti kadi nayo ithe kaye, popeza chiwongoladzanja chake kawirikawiri chimathamanga kuposa phindu la thumba.

Mukatero tsegulani akaunti ya Stocks and Shares ISA. Mumaloledwa kuika mpaka £20,000 pachaka, chaka chake chimayamba pa 6 April, ndipo phindu lake silidulidwa msonkho kuno. Funsaninso kuti thumbalo limadula zingati pachaka. Lina limatenga zosakwana theka la peresenti, lina kupitirira 1 peresenti, ndipo pa zaka 20 kusiyanako ndi mapaundi zikwi. Kampani iliyonse muifufuze pa intaneti m'kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, ngakhale wakuuzaniyo ndi wakwanu kapena wa ku tchalitchi kwanu.

Ena mukuti, nanga tikadzabwerera kumudzi? ISA siitsekedwa mukachoka m'dziko muno. Kuwonjezeramo ndiko kumaima, koma zimene munaika kale zimakhalabe zanu, m'mapaundi, mpaka mutadzazifuna.