KUFUFUZA UBALE WA ZINTHU M'KATI MWA KOMPYUTA

Mlendo akafika pamudzi safunsidwa dzina lokha ayi. Amafunsidwanso mfunda wake ndi ntchito imene amaidziŵa. Mafunso otereŵa amafunsidwanso m'kati mwa kompyuta, ndipo nkhani ya lero ikulongosola kafunsidwe kake ndi pamene mayankho ake amapereŵera.

M'chaka cha 1967, akatswiri aŵiri a ku Norway, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard, anatulutsa chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa Simula 67. Iwoŵa anakonza zoti zinthu zofanana ziziikidwa m'gulu limodzi lotchedwa class, ndi kutinso gulu lizitha kubala gulu linzake. Gulu lobadwalo limalandira makhalidwe a kholo lake ngati choloŵa, nkuwonjezapo akeake. Mwachitsanzo, mlembi wa pulogalamu angapange gulu la mbalame, natulutsamo gulu la nkhuku ndi la nkhunda. Kalembedwe kotere pa Chingerezi amati object-oriented programming.

Palinso ubale wina umene suli wa magazi koma wa lonjezo. M'chinenero cha Java, chimene James Gosling ndi anzake a ku kampani ya Sun Microsystems anatulutsa mu 1995, gulu sililoledwa kukhala ndi makolo aŵiri, koma likhoza kuvomera ma interface ambiri. Interface ndi mndandanda wa ntchito zimene gulu likulonjeza kugwira. Zili monga munthu amene mfunda wake ndi umodzi, komabe ndi mmisiri wa matabwa, telala ndiponso woimba ng'oma.

Nanga kufufuza ubalewu nkofunikiranji? Pulogalamu imalandira zinthu zochokera kwina, ndipo ikakakamiza chinthu kukhala cha gulu limene sichili, Java amakana ndi chenjezo lotchedwa ClassCastException. Ngati mlembi sanakonzekere zimenezi, ntchito imaima pomwepo, ngakhale ikhale yoŵerengera malipiro a anthu pakutha pa mwezi. Nchifukwa chake alembi amayamba afunsa. Mu Java, liwu loti instanceof limafunsa ngati chinthu chimodzi chili cha gulu lakutilakuti kapena cha interface yakutiyakuti, pamene isAssignableFrom amafufuza ubale wa magulu aŵiri. M'chinenero cha Python mafunso omweŵa ndi isinstance ndi issubclass.

Apa mpofunika kusamala, pakuti nkhuku iliyonse ndi mbalame koma si mbalame iliyonse imene ili nkhuku. Pa isAssignableFrom loyamba kutchulidwa ndi kholo, pamene pa issubclass woyamba ndi mwana. Mlembi akatembenuza maina aŵiriwo, makina amayankha mokhulupirika funso limene iye sanafune kufunsa.

Komabe vuto lalikulu ndi lakuti makina amangoyang'ana m'kaundula wa mibadwo. Gulu la mbalame likalembedwa kuti limauluka, nthiŵatiŵa nayonso ivomerezedwa kuti ndi mbalame, chonsecho siiuluka. Mu Java momwemo muli chitsanzo. Interface yotchedwa List, ya zinthu zondandalikidwa, ili ndi ntchito yowonjezera chinthu pa mndandanda. Koma mndandanda wopangidwa ndi List.of, njira imene inabwera mu 2017, sulola kusinthidwa. Ukafunsidwa ndi instanceof umavomera kuti ndi List ndithu, koma wina akayesa kuwonjezapo kanthu umakana. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi Barbara Liskov, mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, anaikapo mfundo pa nkhaniyi mu 1987. Mwachidule, iwo anaphunzitsa kuti gulu liyenera kutchedwa mwana pokhapokha ngati lingaime m'malo mwa kholo lake paliponse popanda kuwononga kanthu. Mayiŵa anasankhidwa kulandira mphoto ya Turing ya chaka cha 2008, imene ndi ulemu waukulu pakati pa akatswiri a makompyuta.

Tsono achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi akumbukire kuti kompyuta ingaŵauze kholo la gulu ndi malonjezo ake, koma siingaŵatsimikizire kuti malonjezowo asungidwa. Mlembi wanzeru amaŵerenga zimene gululo limachitadi, naliyesa pa ntchito yeniyeni, pulogalamu isanaperekedwe kwa anthu amene adzaidalira.