Zomera za M'malire ku Pretoria

Mlendo amene afika pakati pa mzinda wa Pretoria m'mwezi wa October amacita cidwi ndi maluwa a jakaranda amene amayala m'miseu yonse. Koma mtengo umenewu nawonso ndi mlendo, kwao ndi ku South America, ndipo woyamba unabzalidwa mumzindawu m'caka ca 1888. Akuru anati mlendo ndi mame, koma uyu anakhazikika, ndipo eni dziko anatsala kumapiri.

Mzinda wa Pretoria uli pamalire a maiko awiri a zomera. Kumwera kuli Highveld, dziko lokwera la udzu, kumene cisanu cimapha timitengo tating'ono m'nyengo yozizira. Kumpoto kuli Bushveld, dziko lotsika ndi lofunda la mitengo ya minga. Pakati pace padutsa mtandadza wa mapiri a Magaliesberg, umene mtsinje wa Apies unauboola pocokera mumzinda. Mbali ya phiri yopenya kumpoto imalandira dzuwa lambiri, pamene yopenya kumwera imakhala yozizira ndi yacinyontho. Motero zomera za maiko onse awiri zimakomana paphiri limodzi. Tsidya la kumpoto ndi kumene kuli Wonderboom, mtengo waukuru wa mtundu wa mkuyu.

M'malire otere mumapezekanso zomera zimene sizimera kwina kulikonse pa dziko lapansi. Cifukwa cace ndi cakuti dothi la pamwamba pa phiri ndi locepa ndi lamiyala, ndipo comera cimene cazolowera pamenepo sicitha kutsikira kucigwa. Coyamba ndi Aloe peglerae, ca masamba onenepa aminga, amene amapindikira m'kati ngati mpira m'nyengo ya cilimwe. Cimacita maluwa ofiira m'miyezi ya July ndi August, ndipo cimapezeka pa Magaliesberg ndi pa mapiri oyandikana nao a Witwatersberg pokha. Caciwiri ndi Frithia pulchra, kacomera kakang'ono ka kumadzulo kwa mtandadzawo, kufupi ndi Rustenburg. Mvula ikatha kamafota nkulowa pansi m'timiyala, nkusiya nsonga za masamba zokha zimene zimalowetsa kuwala kwa dzuwa.

M'caka ca 2015 bungwe la UNESCO linaika Magaliesberg m'gulu la malo osungidwa a cilengedwe. Ngakhale ziri conco, Aloe peglerae wacepa kwambiri, cifukwa anthu amamzula kukabzala pakhomo, kumene kawirikawiri amafa posowa dothi lace.

Omvera a ku Malawi akumbukira mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene sumera wokha kwina konse, ndipo nkhwangwa ndi moto zautsiriza pafupifupi wonse. Mbeu ya cimanga ikatha m'mudzi umodzi, munthu amakapempha kumudzi wina. Koma comera ca phiri limodzi cikatha, palibenso kumene angakapemphe.