Kupanga Gitala ya Magetsi Pakhomo

Lero tikambirana za nchito ya manja, ndipo cinthu cimene tifuna kuciyang'anitsitsa ndi gitala ya magetsi.

Ambiri a inu munapangapo kale banjo. Munatola cigubu ca mafuta, munasema kamtengo, munamasula waya wa mabuleki a njinga, ndipo madzulo ake mudzi wonse unadziwa kuti kwabadwa woimba. Akulu anu naonso akumbukira zaka za m'ma 1970, pamene magulu oimba monga WITCH ya ku Kitwe ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kuliza magitala a magetsi m'dziko lathu lino. Kapena wina mwa inu anadzifunsapo kuti, "Kodi gitala yotere ingapangidwe ndi munthu wamba, amene wangoyamba kumene kugwira sowo ndi pulena?" Inde, ingapangidwe. Alipo mnyamata wina amene anaiyamba nchito imeneyi ali ndi zaka 16.

Dzina lake ndi Brian May, wa ku Feltham, pafupi ndi mzinda wa London ku England. M'caka ca 1963 iye anali kusirira magitala a Fender, koma makolo ake analibe ndalama zogulira. Atate ake, a Harold May, anali katswiri wa za magetsi, ndiponso munthu wokonda kukonza zinthu pakhomo. Awiriwo anapangana kuti apange yaoyao. Anayamba m'mwezi wa Ogasiti caka comweco, ndipo nchitoyo inawatengera pafupifupi zaka ziwiri.

Tamvani zimene anagwiritsa nchito. Nyumba zakale za ku England zimakhala ndi malo oothera moto m'kati cifukwa ca cisanu, ndipo malo otere amawazinga ndi matabwa okhuthala. Mnzao wina anali pafupi kutaya thabwa lotere, la mtengo wa mahogany, limene linali litakhala zaka zoposa 100. M'thabwa limeneli ndimo anasema khosi la gitala, ndiye kuti mbali yaitali ija imene dzanja lamanzere limagwira. Malo ena linali lofumbwa, ndipo Brian anatseka mabowowo ndi timitengo ta macesi. Pakati pa thupi la gitala anaikapo thabwa locokera ku tebulo lakale. Timadontho toyera tosonyeza malo a zala anatisema kucokera ku mabatani a m'kabokosi kosokera ka amai ake. Pofuna cogwedezera nsambo kuti mau azinjenjemera, anatenga masipuling'i awiri a mu injini ya njinga yamoto, ndi kacitsulo kogwiriziza cikwama ca pa njinga yopalasa, ndipo kunsonga kwake anabvekako kacidutswa ka singano yolukira majuzi.

Gitalayo anaipatsa dzina lakuti Red Special, pakuti inali yofiirira. Ndi imene iye anakaimba nayo m'gulu la Queen, limene linayamba mu 1970, ndipo mu 2002 anailiza ataima padenga la nyumba yacifumu ya Buckingham Palace. Pokhwacha nsambo anazolowera kugwiritsa nchito kandalama ka sikisipensi, konga kamene agogo anu anali kugulira mcere Kwacha isanabwere mu 1968.

Tsono musanasirire ulemerero wakewo, tiyeni tione cimene cimaliritsa gitala yotere. Banjo yanu imalira cifukwa ca cigubu; nsambo ikanjenjemera, cigubu cimakuza mau. Gitala ya magetsi sidalira cigubu. Pansi pa nsambo pamakhala kacipangizo kochedwa pickup. M'kati mwake muli maginito, ndipo kuzungulira maginitowo anakulungako waya wamkuwa woonda ngati tsitsi, wopakidwa vanishi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yacitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'waya muja mumabadwa timagetsi tocepa kwambiri, tonjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Timagetsi timeneti timayenda m'cingwe kunka ku ampulifaya, imene imatikuza ndi kutitulutsa pa sipika. Cinsinsi cimeneci anacitulukira Michael Faraday ku London mu 1831, ndipo ndi comwe cimayatsa nyali ya njinga ya dainamo. Apa mwaona kale lamulo loyamba: nsambo ziyenera kukhala zacitsulo cogwidwa ndi maginito. Ulusi wa nailoni wowedzera nsomba, ngakhale umalira bwino pa banjo, pano ukhala cete.

Popeza cigubu sicifunika, thupi la gitala lingakhale thabwa wamba. Ca m'ma 1940 woimba wina wa ku America, Les Paul, anatsimikiza zimenezi. Anatenga mtanda wa paini wokhuthala masentimita pafupifupi 10, namangirirapo khosi, nsambo ndi pickup. Unalira bwino, koma anthu sanakhutire nao cifukwa unali kuoneka ngati cipika, mpaka iye anadula gitala ina pakati namata zidutswazo uku ndi uku kuti maso a anthu akondwe. Pambuyo pake Leo Fender, wokonza mawailesi wa ku California amene sanali kudziwa ndi kuimba gitala komwe, anatulutsa mu 1950 gitala ya thabwa lafulati, khosi lake lomangidwa ndi masikuluu anai. Kwa inu oyamba kumene, njira ya Fender ndiyo yoyenera kutsata. Khosi mumalipanga palokha, thupi palokha, ndipo cimodzi cikaonongeka simutaya zonse.

Za mitengo musade nkhawa. Mbawa wathu ndi wa banja limodzi ndi mahogany, ndipo amisiri a maiko ambiri amapangira magitala mtengo wa mtundu umenewu. Mlombwa, umene ena amauchula kuti mukwa, naonso ndi wabwino, pakuti supindika wamba ukauma. Koma mau akulu ndi omwewo: ukauma. Thabwa laliwisi limanyenga. Lero mulipala liongoke ngati mubvi, koma ikapita miyezi itatu mudzalipeza litakhota ngati uta, ndipo nchito yanu yonse yapita pacabe. Akalipentala amawerengera kuti thabwa lokhuthala mamilimita 25 lifuna caka cathunthu kuti liume pamthunzi. Tsono thupi la gitala limakhuthala mamilimita pafupifupi 45. Nanga mudikira zaka ziwiri? Iai. Citani monga anacitira a May. Citseko cakale, mwendo wa bedi lothyoka, tebulo limene lakhala m'nyumba ciyambire inu musanabadwe, zonsezi zinauma kalekale ndipo zinamaliza kupindika kwao. Muzule misomali yonse musanaikepo pulena, ndipo mupemphe kwa eni ake musanazule citseko.

Khosi ndilo lifuna thabwa labwino koposa onse, loongoka ndi lopanda mfundo. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 45, kungotsala pang'ono kufika thumba la simenti, ndipo zimakoka usana ndi usiku osapuma. Cifukwa cake amisiri amakumba kangalande m'kati mwa khosi, nagonekamo ndodo yacitsulo yokhala ndi nati kumapeto. Khosi likayamba kugonja, amapotoza natiyo pang'ono ndipo limabwerera. Pamwamba pa kangalandeko amamatapo ndi guluu kathabwa kena kopyapyala, kamene zala zimapondapo.

Tafika tsopano pa nchito imene imasiyanitsa gitala ndi thabwa la mawaya. Pakathabwa kaja pamakhala timizere tacitsulo topingasa, tochedwa mafreti. Cala cikatsindika nsambo kumbuyo kwa freti, mbali yolira ya nsamboyo imafupika ndipo liu limakwera. Thupi mungaliseme mokhota, penti mungaipake moipa, gitala idzaimbabe. Koma freti likakhala pamalo olakwika, palibe woimba, ngakhale katswiri wotani, amene angaongole liu limenelo. Apa sowo ndi chizulo ziyamba zadikira. Mwini nchito ndi rula ndi masamu.

Aphunzitsi, lembani izi pabolodi. Nsambo imagona pa mitsamiro iwiri, wina kumutu kwa khosi, wina pathupi la gitala. Pa gitala ya Brian May mtunda wa pakati pa mitsamiroyi ndi mamilimita 610. Pa magitala ambiri a Fender ndi 648. Titenge 610. Gawani nambala imeneyi ndi 17.817. Yankho ndi 34.2, ndipo pamenepo ndi pa freti loyamba, kuyezera kucokera ku mtsamiro wa kumutu. Cotsani 34.2 pa 610, patsala 575.8. Gawaninso ndi 17.817, mupeza 32.3, umenewo ndi mtunda wocokera pa freti loyamba kufika pa laciwiri. Bwerezani, mupeza 30.5. Mwaona kuti mipata irikucepa? Ndi cifukwa cake mafreti amathithikana mukamayandikira thupi. Gitala ya Brian iri ndi mafreti 24, ndipo mpata womaliza ndi wa mamilimita 9 okha. Amisiri akale anali kugawa ndi 18, cifukwa ndi nambala yosabvuta. A Giredi 7 ayese njira zonse ziwiri, aone kusiyana kwake.

Pali njira yodziwira ngati mwawerengera bwino. Freti la nambala 12 liyenera kugwera pakatikati penipeni pa nsambo, pa mamilimita 305. Ngati lanu lagwera pa 300 kapena pa 310, bwererani ku masamu anu musanakhudze sowo. Ndiponso polemba pathabwa, musayeze freti lirilonse kucokera pa linzake. Mukatero, kacolakwa ka theka la milimita pa freti loyamba kadzasenzedwa ndi laciwiri, laciwiri lidzaonjezapo kake, ndipo pofika kumapeto kadzakhala katakula. Phatikizani manambalawo papepala, 34.2, kenaka 66.5, kenaka 97, ndipo onsewo muwayeze kucokera pamalo amodzi, pa mtsamiro wa kumutu. Polemba gwiritsani nchito nsonga ya mpeni, pakuti mzere wa pensulo yobuntha paokha ungakhuthale milimita yathunthu.

Zotsalazo tidutsamo msanga. Jambulani gitala yonse papepala lalikulu, pa msinkhu wake weniweni, ndipo mzere woyamba kulemba ukhale wa pakati, wocokera kumutu kufika kumunsi. Ciriconse cidzayezedwa kucokera ku mzere umenewu. Malizani khosi poyamba. Kenaka gobani ndi chizulo malo ake pathupi, pang'onopang'ono, mukumayesa kawirikawiri, kufikira khosi litalowa mothina. Mtsamiro wa pathupi muuike khosi litamangidwa kale, poyeza kucokera pa freti la 12 mtunda wofanana ndi wa kumtunda, ndi kuonjezapo mamilimita awiri kapena atatu, pakuti nsambo ikatsindikidwa imakungika pang'ono. Kudula kulikonse kumene simunakuciteko, yambani mwakuyesa pa kathabwa kotaya. Ndipo musacite manyazi kugula zina. Nsambo, waya wa mafreti ndi makiyi okungira nsambo ndi zobvuta kupanga pakhomo. Ngakhale Brian May, atakulunga yekha mapickup ake oyamba, sanakhutire nao, ndipo anakagula atatu a Burns m'sitolo.

Cenjezo limodzi, ndipo aphunzitsi mulibwereze kawiri. M'gitala mwenimwenimo mulibe magetsi oopsa. Timagetsi ta pickup sitingayatse ngakhale babu la toci. Ngozi iri ku ampulifaya, imene imalumikizidwa ku magetsi a kukhoma. Cingwe ca gitala cisalowe konse m'soketi ya kukhoma. Mwana asatsegule ampulifaya kapena wailesi yakale, ngakhale itazimitsidwa, pakuti zina zimasunga magetsi okhoza kupha munthu patapita nthawi zitazulidwa. Nchito imeneyo ndi ya munthu wamkulu amene anaiphunzira. Naco chizulo, manja onse awiri akhale kumbuyo kwa nsonga yake, ndipo thabwa likhale lopanidwa pa benci, osati pamwendo.

Sabata ino yambani ndi nsambo imodzi. Pezani thabwa loongoka lotalika masentimita 80, ndipo mukhomerepo timitengo tiwiri tolimba topingasa, totalikirana mamilimita 610. Kungani waya wacitsulo pamwamba pa timitengoto, muukhwache, ndipo liu limene mumva mulichule do. Tsono ikani cizindikiro pa mamilimita 305, mukhudzike waya pamenepo ndi mbali ya botolo laling'ono kapena ya msomali waukulu, mukhwachenso. Mudzamva do yemweyo, koma wapamwamba. Sunthirani botolo pa mamilimita 153 kucokera pa kamtengo ka kumutu, ndi kukhwacha mbali yaitali ya waya, mudzamva fa. Pa 203 mudzamva so. Amene amaimba kwaya apeze re ndi mi ndi makutu ao, aike zizindikiro, ndipo amene amakonda masamu awerengere malo a freti laciwiri ndi lacinai. Kenaka magulu awiriwo ayerekeze zizindikiro zao, aone ngati khutu ndi rula zagwirizana.