Kujambula Nyenyezi pa Dziko Lozungulira

Munthu woima pabwalo amayesa kuti nthaka iri cete, koma dziko lapansi limazungulira ngati gudumu, kamodzi pa usana ndi usiku. Ici ndico cimabvuta ojambula nyenyezi. Kuwala kwa nyenyezi nkocepa, tero kamera iyenera kukhala yotsegula nthawi yaitali. Ikangozikidwa pansi, dziko limaitembenuza madigiri 15 pa ora, ndipo pa cithunzi pamaturuka mizere yokhayokha m'malo mwa timadontho.

Ku Union Observatory, m'mzinda wa Johannesburg, kamera inamangidwa pa mzati wacitsulo wopendekera, woloza pamene thambo la kummwera limazungulirapo. Makina onga a koloko anali kuikhotetsa pang'onopang'ono kunka kumadzulo, kubwezera kuyenda kwa dziko. Makinawo akacedwa pang'ono pokha, nchito ya usiku umenewo yaonongeka.

Mu 1915 Robert Innes anayerekeza zithunzi ziwiri za mbali imodzi ya thambo, zojambulidwa zaka zosiyana, napeza kadontho kamodzi katasuntha. Kanali Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana ndi dzuwa koposa zonse, ngakhale ndi maso okha sioneka konse.