Kutunga timatabwa: masewera okonzekeretsa dzanja la mwana

Lero tikambirane za zala za mwana amene sanayambe sukulu.

Kuno mwana amalowa kalasi yoyamba ali ndi zaka 6. Aphunzitsi amampatsa pensulo tsiku lomwelo, koma dzanja lodziwa kuigwira limayamba kukonzeka kalekale, pamene khanda la miyezi 9 kapena 10 liyamba kutola nyenyeswa za nsima ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Masewera otunga timatabwa pa chingwe amalimbitsa zala ziwiri zomwezi. Dzanja lina limagwira kathabwa, lina limalowetsa chingwe, maso ali pa bowo. Ndi luso lomweli limene mwana adzamangire mabatani, ndipo pambuyo pake adzalembere dzina lake.

Musavutike kukagula. Pemphani kalipentala zidutswa zimene amataya, aboole pakati, inu mukhule m'mbali mpaka zisalale kuti zisamubaye. Nsungwi zoduladula zili kale ndi bowo. Zitsononkho zouma nazonso zimatheka. Chingwe chikhale cha khonje kapena cha nsapato yakale, nsonga yake muiumitse ndi phula la kandulo kuti ilowe msanga.

Wa zaka 2 muyambe naye ndi zidutswa zazikulu zitatu zokha, za mabowo olowa chala chanu. Akafika zaka 3, onjezani. Wa zaka 4 kapena 5 mpatseni thabwa lopyapyala la mabowo m'mbali, azilowetsa ndi kutulutsa chingwe ngati akusoka.

Akalephera, musamulande n'kumutungira. Ife akuluakulu timafulumira, koma kuvutika kwakeko ndiye kuphunzira. Khalani naye pamphasa, muziwerenga limodzi: chimodzi, ziwiri, zitatu. Mufunseni chachitali n'chiti, chachifupi n'chiti. Abambo, musati izi n'za amayi okha, ndipo mnyamata azitunga ngati mmene atungira mtsikana.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa pali moyo. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Chidutswa chimene chingalowe chonse m'kamwa mwake chingamutsamwe. Mikanda, nyemba ndi mtedza ayi. Nsatsi ndi timbewu tofiira ta kadontho kakuda tija n'zapoizoni, musayerekeze. Matabwa opakidwa mankhwala a chiswe kapena penti yakale asiyeni. Chingwe cha mwana wamng'ono chisapitirire masentimita 20, kutalika kwa chikhatho chanu, kuti chisamuzungulire khosi. Asachivale m'khosi, asagone nacho. Mukanyamuka kupita kumunda kapena kuchitsime, chikolekeni pamwamba. Kumusiyira mkulu wake wa zaka 6 sikukwanira.

Akatsamwa koma akutsokomola, mulekeni atsokomole. Ngati sakutha kulira kapena kupuma, muweramitseni, mummenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa, wina akuitana thandizo. Musapise chala m'kamwa pofuna chinthu chimene simukuchiona.

Pamene mukusewera naye, muziyang'ananso. Mukaona kuti wafika zaka 3 koma satha kutola kanthu ndi zala ziwiri, kapena dzanja lina saligwiritsa ntchito konse, kapena amayandikitsa kwambiri kathabwa kumaso, musadikire kuti akule. Tengani khadi lake la kusikelo, mukawafotokozere anamwino zimene mwaona.